Momwe mungawerengere Ismat Chughtai: poyambira, dongosolo lake ndi zimene zimasokoneza owerenga

Anthu ambiri amene anamvapo za Ismat Chughtai amadziwa nkhani imodzi yokha, Lihaaf, ndi mlandu umene nkhaniyo inawabweretsera kukhoti la ku Lahore. Amawerenga masamba ochepa amenewo, n'kutseka buku, basi kwatha. Kumeneko n'kudzimana. Mayi wa ku India ameneyu analemba m'chinenero cha Chiurdu kwa zaka zoposa 40, ndipo luso lawo lagona pa khutu: ankamva mmene akazi amalankhulira m'nyumba amuna akachoka, posoka, pokangana, powerengera ndalama ya ufa, podandaula za mtsikana amene zaka zikupita asanapeze banja. Kuti luso limeneli mulimve bwino pafunika kudziwa nkhani yoyambira, buku lomasuliridwa loti mupeze, ndi zinthu zingapo za m'mabanja a Chisilamu a kumpoto kwa India zimene wolembayo sanavutike kuzifotokoza chifukwa owerenga a kwawo ankazidziwa kale.

Zoyenera kudziwa musanatsegule buku

Mayi Chughtai anabadwira ku Badayun, m'dera limene lero ndi Uttar Pradesh, pa 21 August. Mabuku ambiri amalemba chaka cha 1915, ena 1911. Ngati mukulemba za iwo, sankhani chaka chimodzi n'kunena buku limene mwachitengamo, chifukwa mukasakaniza, msinkhu wawo pa zochitika zina udzakhala wosagwirizana. Anali wachisanu ndi chinayi mwa ana 10. Bambo awo ankagwira ntchito m'boma ndipo ankasamutsidwasamutsidwa, choncho anakulira m'matauni monga Agra, Aligarh ndi Jodhpur. Anachita kulimbana ndi makolo kuti apitirize sukulu, mpaka anakaphunzira ku Isabella Thoburn College ku Lucknow ndi ku Aligarh Muslim University komwe anachita maphunziro a uphunzitsi. Anakhalapo mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya atsikana, kenako woyendera masukulu ku Bombay, mzinda umene lero ndi Mumbai.

Anthu awiri ndi amene anawatsegulira njira. Woyamba ndi achimwene awo, Mirza Azeem Baig Chughtai, amene anali kale wolemba wodziwika ndi nkhani zoseketsa. Wachiwiri ndi Rashid Jahan, dokotala wachikazi, mmodzi mwa olemba anayi a buku la Angarey limene linatuluka mu 1932 n'kuletsedwa ndi boma mu 1933 chifukwa chonena poyera za chipembedzo ndi za kuchipinda. Kuchokera m'gulu limeneli munabadwa bungwe la Progressive Writers' Association, limene linachita msonkhano wake woyamba ku Lucknow mu 1936, wolemba wotchuka Premchand ali wapampando. Mayi Chughtai anali pamsonkhanowo. Zolemba zawo zoyamba zinatuluka m'magazini ya Saqi ya ku Delhi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Mu 1942 anakwatiwa ndi Shahid Latif, wokonza mafilimu, ndipo Bombay anakhala kwawo mpaka pamene anamwalira pa 24 October 1991.

Zimenezi n'zokwanira poyambira. Mbiri yonse musayambe nayo, tiifika kumapeto.

Kupeza mabuku

Ngati simuwerenga Chiurdu, njira yapafupi ndi mabuku omasuliridwa m'Chingerezi. Omasulira awiri ndi amene agwira ntchito yaikulu: Tahira Naqvi ndi M. Asaduddin. Buku la Asaduddin la nkhani zazifupi limatchedwa Lifting the Veil, losindikizidwa ndi Penguin mu 2001. La Naqvi pamodzi ndi Syeda Hameed ndi The Quilt and Other Stories, limene linasindikizidwa koyamba ndi Kali for Women ku Delhi. Limodzi mwa awiriwa n'lokwanira poyamba. Mukatha kupeza onse, mudzapindula powerenga nkhani imodzi m'mabuku onse awiri, chifukwa pamene omasulira asiyana m'pamene pali mawu ovuta a wolembayo.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi maina a nkhani. Womasulira aliyense amapereka mutu wakewake, ndiye munthu amagula buku lachiwiri poganiza kuti muli nkhani zatsopano, n'kupeza kuti theka ndi zomwe zija. Chauthi ka Joda mudzaipeza ngati The Wedding Suit m'buku lina, The Wedding Shroud m'buku lina. Mankhwala ake n'kukhala ndi kope lolembamo mutu wa Chiurdu pambali pa mutu wa Chingerezi, ndipo musanagule buku yang'anani ndime yoyamba ya nkhani ziwiri kapena zitatu.

Pa intaneti vuto ndi kalembedwe. Chiurdu chili ndi zilembo zakezake zoyambira kumanja kupita kumanzere, choncho mawu ake akamalembedwa m'zilembo zathuzi aliyense amalemba mmene akumvera. Lihaaf ndi Lihaf ndi nkhani imodzi. Joda ndi Jora ndi mawu amodzi. Terhi Lakeer, buku lawo lalitali, mudzalionanso ngati Tedhi Lakeer kapena Tehri Lakir. Mukasaka ndi kalembedwe kamodzi osapeza kanthu, sinthani d kukhala r, kapena aa kukhala a. Tsamba la Rekhta lili ndi nkhani zawo zambiri zaulere m'chinenero chake chenicheni, pamodzi ndi mtanthauziramawu. Ngakhale simukudziwa Chiurdu, pa YouTube pali anthu owerenga nkhanizi mokweza, ndipo kumvetsera kwa mphindi 5 zokha kumakuuzani liwiro la zokambirana zake, chinthu chimene Chingerezi chimachiziziritsa.

Chibale ndi nyumba

Musanawerenge nkhani yoyamba, lembani mawu achibale awa patsamba loyamba la kope lanu, chifukwa omasulira amawasiya momwemo. Amma ndi amayi, Abba ndi abambo, Apa ndi mkulu wako wamkazi. Mamu ndi amalume, Phuphi ndi azakhali, Khala ndi mchemwali wa amayi, Chacha ndi mng'ono wa abambo. Nani ndi agogo aakazi akuchikazi, Dadi ndi agogo aakazi akuchimuna. Bhabhi ndi mkazi wa achimwene. Pamenepa wowerenga Chichewa ali ndi mwayi, popeza ife timasiyanitsa kale amalume ndi bambo aang'ono, azakhali ndi mayi aang'ono. Mukamawerenga, masulirani chibalecho m'Chichewa mumtima mwanu, osadzera ku Chingerezi chimene chimawaunjika onse pamodzi.

Zinthu zina ziwiri. Choyamba, nyumba za m'nkhanizi zimagawidwa pawiri: kutsogolo kumene amuna amalandirira alendo, ndi kumbuyo, ku zenana, kumene akazi, ana ndi antchito amakhala mobisika malinga ndi mwambo wa purdah. Nkhani zambiri zimachitikira kumbuyoko, pabwalo lam'kati, ndipo amuna amangolowa ndi kutuluka. Chinenero cha akazi a kumeneko, chodzala ndi matemberero, miyambi ndi mawu olasa, chimatchedwa begumati zaban, ndipo Mayi Chughtai ndi mmodzi mwa amene anachilowetsa m'mabuku mosachichotsa mchere. Chachiwiri, katundu wa ukwati amachokera kwa makolo a mtsikana kupita naye kwa mwamuna. Wowerenga wozolowera malowolo, amene amachokera kuchimuna, akapanda kudziwa zimenezi sangamvetse chifukwa chake mayi wamasiye wokhala ndi ana aakazi awiri amasowa tulo.

Yambani ndi Chauthi ka Joda

Iyi ndiyo nkhani yoyenera kuyamba nayo, ndipo muiwerenge kawiri, masiku awiri otsatizana. Chauthi ndi mwambo wa tsiku lachinayi pambuyo pa ukwati, ndipo joda ndi chovala chimene mkwatibwi amavala tsikulo. Bi Amma ndi mayi wamasiye wodziwika m'dera lonse ndi luso lodula nsalu. Akazi oyandikana nawo nsalu ikawavuta amabwera nayo kwa iwo. Kwa zaka zambiri akhala akusokera mwana wawo wamkulu, Kubra, zovala za ukwati n'kumaziika m'bokosi, koma wofunsira sabwera. Kenako kumveka kuti Rahat, mwana wa amalume ake a Kubra, akubwera kudzakhala nawo pamene akuchita maphunziro a upolisi. Ameneyu ndi msuweni, ndipo kumeneko ukwati wa pachisuweni ndi wololedwa, choncho nyumba yonse imayamba kuyembekezera.

Paulendo woyamba ingowerengani. Paulendo wachiwiri tengani cholembera n'kumalemba chakudya chilichonse chimene chatchulidwa ndi amene wadya. Mudzaona kuti Rahat akudya zonona, pamene amayi ndi ana awo akudya mkate wouma, ndipo zodzikongoletsera zochepa za amayi zikutha kuti mlendo adye bwino. Lembaninso ntchito ya manja a Kubra: kukanda ufa, kuchapa, kuluka juzi ya munthu amene sakumuyang'ana n'komwe. Kubra salankhula ndi Rahat, mwambo sulola. Amene amatumidwa kukamupatsa chakudya ndi kukamuseketsa ndi mng'ono wake, Hamida, ndipo ndi iye amene amagwidwagwidwa ndi mlendoyo, akuluakulu n'kumati ndi nthabwala za pachilamu. Rahat amachoka kukakwatira kwina. Kubra amamwalira ndi chifuwa chachikulu, ndipo Bi Amma amadula nsalu yoyera ya sanda ndi manja omwe aja.

Cholakwika chimene owerenga ambiri amachita pano n'kuifulumizira kumapeto n'kunena kuti ndi nkhani yachisoni. Mphamvu yake ili pakati, pamene anthu akuseka. Onani mmene oyandikana nawo amalimbikitsira Hamida kuti apirire, ndi mmene Bi Amma, amene amakonda ana awo ndi mtima wonse, amakanira kuona chimene chikuchitika m'nyumba mwawo momwe. Mayi Chughtai saika mlandu pa amuna okha. Amaonetsa akazi akulondera mwambo umene ukuwadya, ndipo mukagwira zimenezi m'nkhani iyi mudzaziona m'zina zonse.

Nkhani zitatu kapena zinayi zotsatira

Werengani ziwiri pa sabata, osapitirira. Nkhanizi n'zazifupi ndipo n'zosavuta kumeza zisanu tsiku limodzi, koma mukatero mawu a anthu ake amasakanikirana m'mutu.

Nanhi ki Nani, imene m'Chingerezi imadziwika kuti Tiny's Granny, ndi ya gogo wosauka amene palibe akukumbukira dzina lake lenileni, wokhalira kupempha ndi kubaiba tizinthu m'makomo, amene mdzukulu wake amagwiriridwa ndi bwana wolemekezeka wa m'deralo. Samalani ndi malo amene anyani amalanda pilo wa gogoyo n'kumung'amba pamaso pa anthu. Amayamba ngati zoseketsa ndipo satha choncho. Do Haath ikukhudza banja la osesa, anthu a gulu lonyozeka kwambiri, ndi mwana wobadwa bambo ali kutali. Olemera a m'nyumbamo amaona chamanyazi, pamene mwini nkhani amaona manja awiri amene adzamuthandiza pa ukalamba. Gharwali ndi ya Lajo, wantchito wam'nyumba amene ankasangalala asanakwatiwe ndi bwana wake Mirza, n'kuyamba kuvutika ukwati utachitika. Ngati mukufuna kumva kulalata kwa azakhali kumene kumabisa chikondi, onjezani Bichchhu Phuphi.

Tsopano Lihaaf

Mukafika pano mwakonzeka. Lihaaf, kutanthauza chofunda chokhuthala cha thonje, inatuluka mu 1942 m'magazini ya Adab-e-Latif ya ku Lahore. Wofotokoza nkhani akukumbukira ali kamtsikana, pamene amayi ake popita ku Agra anamusiya kwa Begum Jaan, mkazi wa Nawab, bwana wolemera wa banja lachifumu. Nawab alibe naye ntchito mkazi wake; mtima wake uli pa anyamata achichepere amene amawasunga kutsogolo kwa nyumba. Begum Jaan amafota ndi kusungulumwa mpaka atapeza chitonthozo mwa Rabbu, wantchito womusisita thupi. Usiku mwanayo amaona chofunda chikugwedezeka, chithunzithunzi chake pakhoma chikuoneka ngati njovu, ndipo samvetsa.

Pali njira ziwiri zolakwika zoiwerengera. Yoyamba n'kusakasaka mawu olaula. Mulibe ngakhale amodzi, chifukwa zonse zikudzera m'maso mwa mwana. Yachiwiri n'kuitenga ngati nkhani yongotamanda kumasuka kwa Begum Jaan. Werengani mosamala pamene Rabbu wachoka ndipo Begum akuitana mwanayo pafupi. Mwanayo akuchita mantha enieni, ndipo wolembayo sanabise kuti munthu woponderezedwa angathenso kupweteka wochepa mphamvu kuposa iye. Onaninso kuti Rabbu ndi wantchito wosauka wodalira nyumbayo pa chakudya. Ngati mukuwerenga pagulu kapena ndi ophunzira, auzeni pasadakhale kuti muli zoterezi.

Mukatha, werengani za mlandu. Chisamani chinawapeza Mayi Chughtai ku Bombay chakumapeto kwa 1944, pa mlandu wolemba zolaula, ndipo anakaonekera kukhoti ku Lahore pamodzi ndi wolemba mnzawo Saadat Hasan Manto, amene ankazengedwa chifukwa cha nkhani yake ya Bu. Analangizidwa kuti apepese kuti zithe, koma anakana. Loya wawo anaumirira kuti mboni ziloze mawu enieni olaula m'nkhanimo, mboni zinalephera, ndipo mlandu unawakomera. Zonsezi anazifotokoza okha m'mbiri ya moyo wawo, momwe ananenanso kuti nkhaniyi inawatopetsa chifukwa inaphimba zina zonse zimene analemba. M'menemonso muli pamene anakumana patapita zaka ndi mayi weniweni amene nkhaniyo inachokera pa moyo wake, atasiya ukwati uja, atakwatiwanso ndipo ali ndi mwana.

Buku lalitali: Terhi Lakeer

Ili ndilo buku lawo lalikulu, la chapakati pa zaka za m'ma 1940, lomasuliridwa ndi Tahira Naqvi pa mutu wakuti The Crooked Line. Lili ndi masamba opitirira 300, ndiye lipatseni masabata atatu kapena anayi. Likutsata Shaman kuyambira kubadwa kwake m'banja la ana ambiri momwe palibe anamuyembekezera, kudzera kusukulu yogonera komweko, ku koleji, pa ntchito ya uphunzitsi, m'magulu a ndale, mpaka ukwati wake ndi Ronnie Taylor, mwamuna wa ku Ireland, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Gawo la ubwana ndi la kusukulu ndilo lamphamvu kwambiri, ndipo musalithamangire. Shaman ndi mwana waukali, wauve, womenya anzake, ndipo owerenga ena amasiya buku chifukwa sakumukonda. Wolembayo sanafune kuti mumukonde msanga. Akuonetsa chimene kusowa chikondi kumachita pa mwana. Jambulani mtengo wa banja papepala kuyambira mutu woyamba, chifukwa achibale ndi ambiri ndipo ena amatchulidwa ndi mawu achibale okha. Chakumapeto zokambirana za ndale zimachuluka ndipo liwiro limatsika. Ambiri amagwera pamenepo. Chothandiza n'kukumbukira kuti 1942 ndi chaka cha kampeni ya Quit India, pamene anthu ankauza Angerezi kuti achoke, ndiye mkazi wa ku India wokwatiwa ndi mzungu ankakangana ndi mwamuna wake za dziko ngakhale pa chakudya.

Musalakwitse potenga Shaman ngati Ismat Chughtai weniweni. Zambiri n'zofanana, monga banja lalikulu, sukulu ndi uphunzitsi, koma ukwati ndi mzungu ndi wopeka.

Kugawidwa kwa dziko ndi mafilimu

Mu 1947 India anagawidwa, Pakistan n'kubadwa. Abale ambiri a Mayi Chughtai anasamukira ku Pakistan, Manto nayenso anapita ku Lahore mu 1948, koma iwo anatsala ku Bombay. Nkhani yoti muwerenge pano ndi Jadein, ya mayi wokalamba amene akukana kusiya nyumba imene anaberekeramo ana ake pamene banja lonse likulongedza, ndi ya mnansi wawo wa Chihindu amene akhala naye pa ubale kwa zaka zambiri. Mukatha onerani Garm Hava, filimu ya M. S. Sathyu ya mu 1973, yochokera pa nkhani yawo imene sinasindikizidwe, yokonzedwa ndi Kaifi Azmi ndi Shama Zaidi. Balraj Sahni akusewera ngati Salim Mirza, mwini fakitale ya nsapato ku Agra amene mabanki ndi eni nyumba ayamba kumukana chifukwa akuganiza kuti mawa athawira ku Pakistan. Fufuzani yokhala ndi mawu a Chingerezi pansi.

Mafilimu ena ndi ongoonjezera. Ziddi ya mu 1948, imene inatchukitsa wosewera Dev Anand, inachokera pa buku lawo ndipo anaitsogolera ndi amuna awo. Mu Junoon ya Shyam Benegal ya mu 1978 mungawaone iwo eni akusewera ngati gogo. Boma la India linawapatsa ulemu wa Padma Shri mu 1976.

Mbiri ya moyo wawo, pomaliza

Kaghazi Hai Pairahan inayamba kutuluka pang'onopang'ono m'magazini ya Aajkal mu 1979 ndi 1980, ndipo Asaduddin anaimasulira pa mutu wakuti A Life in Words mu 2012. Chifukwa choisiyira kumapeto n'chakuti mukaiwerenga poyamba mudzayamba kusaka munthu weniweni kumbuyo kwa aliyense wa m'nkhani, n'kuiwala nkhaniyo. Dziwaninso kuti siyenda motsatira zaka. Mitu yake imalumpha, ndipo yambiri ikukhudza ubwana, sukulu ndi zaka zoyamba za ntchito. Za ukalamba wawo mulibemo. Ikani pambali tsamba lolembapo zaka zikuluzikulu, 1936, 1942, 1944 ndi 1947, kuti mutu uliwonse muziupezera malo ake.

Pamodzi nayo werengani zolemba ziwiri zokumbukira anthu. Dozakhi ndi ya achimwene awo Azeem Baig, yolembedwa atamwalira, yosabisa nkhanza zawo ndi matenda awo, ndipo inadabwitsa anthu ozolowera kutamanda omwalira. Mera Dost Mera Dushman ndi ya Manto, ya mikangano yawo ndi ubwenzi wawo. Ili m'buku la Naqvi lotchedwa My Friend, My Enemy. Amene akufuna kupitirira apa asankhe malinga ndi chimene chawagwira mtima: Masooma ndi Ajeeb Aadmi zikukhudza Bombay, ndalama ndi anthu a mafilimu, Dil ki Duniya ikubwerera ku zenana ndi mkazi wosiyidwa ndi mwamuna, pamene Ek Qatra-e-Khoon, ya m'zaka za m'ma 1970, ikufotokoza za imfa ya Imam Husain, mdzukulu wa Mtumiki Muhammad, ku Karbala ndipo imafuna kuti muyambe mwadziwa mbiri imeneyo.